Za thirakitala ija: K120,000 ya aPhiri ikuchokera pati?

Mlembi: Mwaswera bwanji nonse. Andituma a wapampando kuti nkhani ya thirakitala tiyiyambe pompano chifukwa tikadikira Lachinayi dzuwa lidzatilowera tisanasonkhe ndi masheya omwe. Zili chonchi. Kotesheni ya mu Seputembala ija inali K9,600,000. APhiri ndi NaBanda anapita ku Lilongwe dzana, abwera ndi pepala lina la K8,400,000 ndipo apereka kale dipoziti K2,000,000. Pano aPhiri akupempha K120,000, akuti ndi 10 pelesenti ya K1,200,000 yomwe atsitsa. Chonde tizilemba, ma voisi noti ataliatali aja ayi, bandulo yadula.

aPhiri: A Mlembi konzani pamenepo, sindikupempha ine. Tinagwirizana pamsonkhano kuti amene akanenerere mtengo nkutsika adzapatsidwa kangachepe. Ndakhala muofesi mwa wogulitsa uja kuyambira 10 koloko mpaka 2 koloko osadya kanthu, munthu wouma ngati chiyani, ndamutsitsa 1.2 mita yathunthu ndiye lero mukuyankhula ngati ndaba

Mlembi: Amalume m'kaundula munalembedwa kuti kangachepe, mawu oti 10 pelesenti mulibe. Ndayang'ana kawiri.

Make Tadala (msungichuma): Ine za pelesenti ndibwera nazo. Funso langa loyamba ndi la 2 mita. Ndinakuwerengerani ndalama ija pamaso pa osunga makiyi onse atatu ndipo mawu anali oti musapereke musanatiimbire. Foni yanga inali yoyaka tsiku lonse. Inalira? Ayi.

aPhiri: Netiweki mayi

Make Tadala (msungichuma): Netiweki ku Lilongwe?? Koma chithunzi mutagwira zigwiriro za thirakitala munatumiza pa gulupu pano 11:40 kkkk netiweki yake yosankha

NaBanda: Abale ine ndinali chete dala koma poti dzina langa latchulidwa ndinene zomwe ndinaona ndi maso angawa. Titangofika alamu anga anathamangira pa makina ofiira omwe anali pakhomo, kuwasisita, kufunsa mnyamata wa pamenepo kuti awajambule, kenako nkunena mokweza kuti iyi ndiyomweyi tikuitenga lero. Chikwama cha ndalama chili pachifuwa, dzanja lili pomwepo osachoka. Wogulitsa uja anangoyang'ana chikwamacho nkumwetulira nkutilowetsa mkati kutipatsa mipando ndi Fanta. Ine mumtima ndinati basi tapita. Atayamba kukambirana anatembenukira ku Chingerezi, ine ndinangogwirako pang'onopang'ono, ndiye pamene amalemba pepala latsopano ndinali nditatuluka kukayankha foni ya kunyumba, pobwera ndinapeza ndalama ikuwerengedwa.

aPhiri: Mlamu musandichititse manyazi pagulu. Mesa munasangalala nawo mu minibasi?

NaBanda: Ndinasangalala chifukwa munandiuza kuti mwatsitsa. Pepalalo ndaliwerenga bwinobwino lero mmawa ndi mwana wanga.

Mlembi: Ndajambula mapepala onse awiri, onani pamwambapo. La Seputembala lili ndi mizere isanu: makina, rotaveta (chophwanya dothi cha mipeni yozungulira), pulawo, matayala achitsulo, ngolo. La dzana lili ndi itatu: makina, rotaveta, pulawo. Basi.

Make Tadala (msungichuma): Eeeh

Bambo a Chikondi: Ndiye kuti ngolo ndi matayala zatsala konko?

aPhiri: Zimenezo ndi zapadera, tikhoza kudzagula pambuyo tikagawana mu Disembala. Chachikulu ndi injini.

Madala a ku Dwangwa: Ana anga ndiloleni ndilowepo, thirakitala ndayendetsa mminda ya nzimbe mpaka tsitsi kuyera. Phiri mwana wanga, kathirakitala ka matayala awiri aka sitikukagulira kumtunda, tikukagulira mmadzi muno mu sikimu ya Bwanje. Madzi a Namikokwe akalowa mmunda dothi lija limasanduka phala, tayala la mphira limangozungulira pamodzimodzi likudzikumbira dzenje mpaka makina kukhala pamimba, ndiye muitane anyamata asanu ndi mitengo kudzazula. Matayala achitsulo aja ndi amene amaluma matope ndiponso amathandiza kuwaponda kuti powokera mpunga pakhale pofewa. Popanda amenewo mwagula chokongoletsa pakhonde. Za ngolo ndiye musachite kunena. Kulima ndi miyezi iwiri kapena itatu pachaka, miyezi yotsalayo makinawo adzadya chiyani? Ngolo ndi imene idzatute matumba a mpunga kupita kuchigayo, njerwa, mchenga, manyowa, ndalama yobweza mbokosi idzachokera kumeneko

Make Tadala (msungichuma): A Mlembi tawaimbirani mufunse ziwirizo pazokha ndi zingati

Mlembi: Ndaimba kale masana ngati kasitomala wina, sindinatchule gulu. Ngolo K1,100,000, matayala achitsulo K450,000. Pamodzi K1,550,000. Mukaphatikiza ndi K8,400,000 ikukwana K9,950,000.

Make Tadala (msungichuma): Ndiye kuti katundu yemwe uja wa K9,600,000 tsopano tigula K9,950,000. Sitinatsitse, takweza ndi K350,000. APhiri 10 pelesenti ya kukweza ndi K35,000, mutipatse ndinu kkkkk

aPhiri: Sekani. Koma mtengo wa Seputembala uja unafa kalekale, kotesheni imakhala masiku 7 okha, zalembedwa pomwepo. Munthu uja anandiuza kuti zonse zisanu pamodzi lero ndi K10,300,000 chifukwa madola akuvuta kupeza. Mwaiwala Novembala 2023? Tinagona kwacha ili bwino, kudzuka yagwa ndi 44 pelesenti, feteleza, malata, simenti zonse kukwera sabata yomweyo. Inu mumafuna ndibwerere ndi ndalama mchikwama tizidzakambirana pansi pa mtengo mwezi wathunthu uku mtengo ukuthawa? Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndinaika dipoziti kuti ndimange mtengo.

Bambo a Chikondi: Apa pokha aPhiri akunena zoona, tisawaweruze ngati sitikukhala mdziko lomweli. Katundu wochokera kunja masiku ano mtengo wa mmawa ndi wamadzulo umasiyana. Ndipo tisaiwale kuti anagona ku Lilongwe ndi ndalama yawo minibasi itawathawa, K60,000 ya thiransipoti tinawapatsa ija sinakwane.

Mlembi: Zoona, koma K10,300,000 yo yalembedwa pati? Ine ndili ndi mapepala awiri okha.

aPhiri: Ananena pakamwa

Madala a ku Dwangwa: Pakamwa wogulitsa aliyense amayambira kumwamba kuti akatsika uziti wandichitira chifundo. Ndi ntchito yake imeneyo, sindikumunena. Ntchito yathu inali kufika ndi makotesheni a mashopu atatu mmanja, kumuonetsa kuti tili ndi kwina kopita, ndi kunenerera mtengo wa zonse pamodzi mpaka makina atatsitsidwa pa Mtakataka. Ukanenerera nambala yokha iye amangochotsa katundu nambala nkutsika.

NaBanda: Komanso pali china. Makina ofiira aja si athu. Mnyamata wojambula uja anandinong'oneza kuti amenewo anagulidwa kale ndi anthu ena, athu akubwera, akuti ali padoko ku Beira, masabata atatu.

Make Tadala (msungichuma): Mayo ine. Alamu zimenezi mumazidziwa?

aPhiri: Ndimadziwa, masabata atatu si chaka

Make Tadala (msungichuma): Kwa inu si chaka. 2 mita ija tinaiimitsa osabwereketsa, anthu anayi anabwerera chimanjamanja sabata yatha, mmodzi amafuna ya fizi ya mwana. Pa chiwongola dzanja chathu cha 20 pelesenti ndalama imeneyo ikanabala K400,000 pamwezi. Pano ikugona mu akaunti ya munthu wina ikumuthandiza kugula madola, ife osapezapo ngakhale tambala. Masabata atatu akasanduka miyezi iwiri nazale ikula, anthu alima ndi makasu monga kale, thirakitala idzafika tikupalira

Mlembi: Ndipo amalume pepani ndikuwonjezerani. Kuzani chithunzi cha pepala la dzana muone pansi penipeni pali kamzere ka zilembo zing'onozing'ono. Kakunena kuti mtengo ukhoza kusintha nthawi iliyonse katundu asanaperekedwe. Ndiye dipoziti ija sinamange kanthu. Yamanga ife.

Bambo a Chikondi: Aaa apa ndiye ndabweza mawu anga theka

aPhiri: Kamzere kameneko amalemba pa pepala lililonse, ndi mwambo chabe. Munthu uja tinagwirana chanza.

Agogo NaNgozo: Ndine mdzukulu wawo ndikulembera agogo. Akuti masheya awo ndi a mandasi ndi tomato, sanawatole pansi. Akuti chanza sichilowa mbokosi.

NaBanda: kkkkk agogo

aPhiri: Chabwino nonse mwandiukira. Koma palibe amene akunena zomwe ndapezako. Kubweretsa makina mpaka pa Mtakataka ulere, pa kotesheni yoyamba munalibe zimenezo, kafunseni lole yochokera ku Lilongwe kutsika Khwekhwelere kuti ndi zingati. Kuphunzitsa anyamata athu awiri kuyendetsa masiku awiri, ulerenso. Ndipo ngolo yawo ya K1,100,000 sitikuifuna, wowotcherera wa pa Golomoti anandiuza kuti atipangira ndi K600,000. Werengani tsopano.

Mlembi: K8,400,000 kuphatikiza K600,000 kuphatikiza K450,000 ya matayala, K9,450,000. Poyerekeza ndi K9,600,000 ndiye kuti mwapulumutsa K150,000. 10 pelesenti yake K15,000 amalume, osati K120,000.

Make Tadala (msungichuma): Ndipo za ulerezo zili pa pepala liti?

NaBanda: Za kubweretsa ndinamva nawo ndithu, ananena mu Chichewa potuluka. Koma sizinalembedwe.

Madala a ku Dwangwa: Phiri apa wagwira ntchito, tisamunyoze pa chilichonse. Wogulitsa wa masiku ano pa nambala amauma chifukwa iyenso akaitanitsa katundu wina ndi madola, koma pa zinthu ngati izi amafewa, ndiye ndi pomwe tiyenera kukankha. Mukabwerera mukapemphe malamba awiri apadera, mipeni ya rotaveta yosinthira, fyuluta, ndi sevisi yoyamba yosintha oyilo makaniko wawo adzachite konkuno. Mufunse walanti ndi ya miyezi ingati ndipo ikukhudza chiyani, injini yokha kapena ndi giyabokosi yomwe, komanso makina akafa ndani alipire ulendo wa makaniko. Za ngolo ya pa Golomoti mufunsiretu ngati kukoka ngolo yopanga tokha sikuphetsa walanti, ena amakanira pomwepo. Ndipo ngolo ikhale ndi mabuleki, kamakina aka kakalemedwa kumbuyo pamtsetse kamakankhidwa. Musaiwale kufunsa masipeya ake amapezeka mashopu ati kupatula kwa iyeyo, injini ya silinda imodzi ya ku China zida zake sizisowa, koma mitundu ina mudzadikira mpaka kutopa

Make Tadala (msungichuma): Risiti ya dipoziti nayonso ndi yolemba pamanja, chidindo chokha. Ine ndikufuna ya makina ya MRA, dzina la gulu, osati la aPhiri. Panopa yalembedwa dzina lawo, mawa atati makina ndi anga tidzatsutsa ndi chiyani?

aPhiri: Mayi mawu amenewo ndi olemera. Ine ndibe thirakitala ndikaibise kuti, kuchipinda?

Make Tadala (msungichuma): Sindinati muba alamu. Ndati pepala likhale la gulu. Ngakhale ndikanapita ine ndikananena chimodzimodzi.

Wapampando: Ndawerenga zonse, zikomo. Tisapitirire apa tingayambe kutukwanizana. Lolemba abwerere anthu atatu, aPhiri chifukwa ndi amene akudziwana naye, a Mlembi, ndi madala ngati miyendo ilola. Osanyamula ndalama ina iliyonse. Asanafike kumeneko ayambe alowa mashopu ena awiri atenge makotesheni a katundu yemweyo, mizere isanu. Kwa wogulitsa wathu akapemphe pepala limodzi lokhala ndi mtengo wa zonse, tsiku lofika makina, kubweretsa ndi kuphunzitsa kuja, walanti, ndi mawu oti mtengo sudzasintha ndipo tsikulo likadutsa dipoziti ibwerere yonse. Nambala ya injini idzalembedwe pa risiti yomaliza. Akakana kufufuta kamzere kaja mukapemphe ndalama yathu.

Madala a ku Dwangwa: Miyendo ilola, bola mpando wakutsogolo

aPhiri: Nanga akakana kubweza dipoziti?

Wapampando: Ndiye nkhaniyo idzakhala pakati pa inu ndi gulu, chifukwa lamulo loimba foni munalidumpha ndinu. Tisafike kumeneko.

aPhiri: Ndiye K120,000 yanga yafera pomwepa?

Wapampando: Sinafe, sinabadwe. Makina akafika tidzawerengera pa mapepala kuti gulu lapulumutsa zingati poyerekeza ndi makotesheni enawo, kangachepe kanu kadzachokera pamenepo ndipo tidzavota. Ya malo ogona bweretsani risiti Lachinayi tikubwezereni.

aPhiri: Kumalo ogona a K8,000 amapereka risiti?

Make Tadala (msungichuma): Mukabwera nayo mboni NaBanda tidzalemba. Koma chindapusa chophwanya lamulo K5,000 chilipo, ndipo mubwere nacho mmanja, zoti dulani ku masheya ayi.

aPhiri: Chindapusacho chidikire Lolemba, ndikakabweza ngolo ija mu K9,600,000 mudzachita manyazi kundilipiritsa

Bambo a Chikondi: Mukakabweza ngolo ndi matayala omwe chindapusacho ndikulipirirani ine. A Mlembi lembani.

Mlembi: Ndalemba. Thiransipoti ya anthu atatu itapidwe kuti, mbokosi lalikulu kapena thumba la zadzidzidzi?

Make Tadala (msungichuma): Thumba la zadzidzidzi ndi la matenda ndi maliro, musalikhudze. Aliyense abwere ndi K7,000 yapadera Lachinayi, tilipo 25, ikwana K175,000, yotsalayo kuti ikwane K180,000 a wapampando aonjezere poti ndi amene awatuma.

Wapampando: Mayi inu kkkk chabwino K5,000 yo ndipereka. Atatu inu mukakwere ya 5 koloko mmawa, mukafike mashopu akungotsegula.