Masabata awiri odikira aja mumapirira bwanji?

Wodikira_21: Abale ndithandizeni maganizo. Ine ndi amuna anga tafunafuna mwana kwa zaka zambiri, pano tili pa IVF (njira imene madokotala amaphatikiza dzira ndi mbewu ya abambo kunja kwa thupi), anandiika mluza m'chiberekero ndipo akuti tidikire masabata awiri kenako akayeze magazi kuti aone ngati ndili ndi pakati. Koma mutu sukugwira, m'mimba mukangopota pang'ono basi ndathamangira ku toileti kukaona ngati kwabwera magazi, usiku tulo osabwera. Inu munkatani?

MayiWaChiyembekezo: Pepani asisi, masiku amenewo ndi owawa zedi. Chonde musayeze msanga kunyumba, jakisoni wa hCG amene amabaya asanatenge mazira uja amakhalabe m'thupi masiku angapo, ndipo hCG ndi homoni imene kachipangizo koyezera mimba kamafufuza, ndiye kamatha kuonetsa mizere iwiri yabodza, mtima n'kusweka kawiri. Komanso progesterone, mankhwala amene amapereka kuti mluza ukhazikike, amatupitsa mabere ndi kufooketsa thupi ngati uli ndi pakati, ndiye musamawerengere zizindikirozo.

BamboChete: Ine ndine bambo. Atayeza anapeza kuti vuto ndi langa, mbewu ndi zochepa, koma anthu amalozabe chala mkazi wanga, zimandidya mumtima. Amuna anuwo angakhale sakuyankhula koma nawonso sakugona, afunseni.

Nyenyezi_07: Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa 6 alionse amakumana ndi vuto losabereka, koma ukakhala mkatimo umaona ngati ndiwe wekha eti. Ine ndinasiya kaye kukaona makanda a anzanga ndipo sindinapepese munthu. Aja okonda kunena kuti "ingosiyani kudandaula zichitika" ndinkawayankha kuti machubu anga odutsa mazira ndi otsekeka, sangatseguke ndi kuseka.

Wodikira_21: Zikomo nonse, kachipangizo kaja ndawapatsa amuna anga kuti andibisire mpaka tsiku loyezetsa.