Mbawa ndi mlombwa: tilembe chiyani pa fomu ya nazale?

A Kamanga: Anzanga, fomu ya mbande za ku Mwansambo, m'boma la Nkhotakota, ikufuna banja la mtengo ndi mlingo wa chiopsezo choti mtengowo ungathe. Mbawa ndi mlombwa ndiike gulu limodzi? Yonse ndi ya matabwa ofiirira.

Mayi Chirwa: Ayi a Kamanga, mtundu wa thabwa si ubale. Mlombwa ndi Pterocarpus angolensis, banja la Fabaceae, la nyemba ndi nandolo. Mbawa ndi Khaya, banja la Meliaceae, limodzi ndi nimu. Yang'anani tsamba: la mlombwa limathera ndi katsamba kamodzi kunsonga, la mbawa timasamba timayenda tiwiritiwiri mpaka kumapeto.

A Mwale: Pa mbawa samalani dzina. Mabuku ambiri amati Khaya anthotheca, akale ankati Khaya nyasica, ndipo akatswiri ena alibwezeretsa dzinali pa mbawa ya kuno. Lembani onse awiri. Ku IUCN, bungwe la padziko lonse loyeza chiopsezo cha zamoyo, anthotheca ili pa Vulnerable (ili pachiopsezo), mlombwa uli pa Least Concern (nkhawa yochepa).

A Kamanga: Ndiye kuti mlombwa ulibe nkhawa?

A Mwale: Apa mpomwe ambiri amagwa, achimwene. IUCN imayeza dera lonse lomwe mtengo umamera, kuchokera ku Angola ndi Tanzania mpaka South Africa, osati Nkhotakota yokha. Kuno mlombwa wofika pocheka mumayenda mtunda kuti muupeze. Ndipo pamsonkhano wa CITES, pangano la mayiko pa malonda a nyama ndi zomera zakutchire, ku Panama mu 2022, Pterocarpus ndi Khaya yonse ya mu Africa inalowa mu Appendix II, mndandanda wa zamoyo zomwe malonda ake akunja amalamulidwa. Chipika kapena thabwa la mitengo iwiriyi silituluka m'dziko popanda chilolezo. Pa fomupo danga la IUCN likhale palokha, la CITES palokha.

Mayi Chirwa: Ndiwonjezere za chiwerengero, chifukwa mlombwa timaulakwira kwambiri pamenepo. Mbande yake imauma pamwamba chilimwe chilichonse kwa zaka zingapo, muzu uku ukunenepa pansi. Wowerenga mu Okotobala amalemba kuti yafa, ena mpaka kuzula. Fukulani pang'ono patsinde, kandani khungwa ndi chikhadabo: likakhala laliwisi, ili moyo. Kuwerenga kwenikweni kudikire mvula.

Mbawa vuto lake ndi lina. Njere zake sizikhalitsa, fesani zikadali zatsopano. Mukaiwokera poyera, mbozi imaboola nsonga, mtengo n'kuchita mphanda usanatalike, thabwa lowongoka osapezekanso.

A Kamanga: Zamveka. Mizere iwiri, ndipo mlombwa ndikawerenganso mu Januwale.