Ma node a Cassandra sakupezana magetsi akabwerera, thandizeni maganizo

Akuluakulu, zikomo. Ndimayang'anira makompyuta a holoselo ina kuno ku Harare. Database yathu ndi Cassandra, ma node atatu (makina atatu osungira data yomweyo): ina kuwerahausi ku Graniteside, ina ku Msasa, ina kushopu ya ku Mbare. Magetsi akazima n'kubwerera, router imagawanso ma IP mwachisawawa, ndiye ma seeds (maadiresi amene node imayambira posaka anzake) amene ndinalemba mu fayilo ya cassandra.yaml amakhala akuloza kumene kulibe makina. Ndikapanga nodetool status ndimangoona DN, DN, kutanthauza kuti ma node agwa, uku bwana akuimba foni kuti stock sikuoneka. Kodi palibe njira yoti ma node azisakana okha pa network? Ndimaganiza za mDNS, njira yoti makina azilengeza okha maina awo pa network, kudzera pa pulogalamu ya Avahi.

Wa ku Highfield:
Achimwene, mDNS ingakuthandizeni makina onse atakhala m'chipinda chimodzi. Imafuula pa multicast (uthenga umodzi wopita kwa makina ambiri nthawi imodzi), 224.0.0.251, port 5353, ndipo mfuu imeneyo siwoloka router. Anu ali m'madera atatu. Wa ku Mbare adzafuula mpaka mawu kusasa, wa ku Msasa osamumva.

Mayi wa ma server:
Vuto si Cassandra ayi. Iyo kusakana imadziwa kale. Sekondi iliyonse node imacheza ndi anzake pa port 7000, imene amati gossip ija, n'kuuzana amene ali moyo ndi amene wagwa. Seed ndi khomo lolowera basi: ikapeza mnzake mmodzi, ena onse imawadziwira kwa iyeyo. Inu mukungofunika adiresi imodzi kapena ziwiri zosasuntha. Mangani ma IP pa router potengera MAC (nambala yozindikiritsa makina pa network), kapena lumikizani malo atatuwo ndi WireGuard, pulogalamu yopanga network yachinsinsi kudzera pa intaneti, node iliyonse ikhale ndi IP yake ya mkati yomwe sisintha ngakhale kampani ya intaneti isinthe yakunja.

Wofunsa:
Amayi, zamveka. Nanga pulogalamu ya Consul? Ena kuntchito akuti imapeza yokha ma node.

Mayi wa ma server:
Imapeza, koma nayo muyenera kuipatsa poyambira, pa retry_join, pomwe mumalemba maadiresi oyambira. Mwangosamutsa vutolo, n'kudziwonjezera pulogalamu ina yoti muziilera usiku.

Mkulu wina wa ku Mufakose:
Ine ndiye ndikuopa chinthu chimene mukuchifunacho, mwana wanga. Elasticsearch, pulogalamu ina yosunga ndi kusaka data, kale inkasakana pa multicast. Munthu ankangoyatsa laputopu yake muofesi, dzina la cluster (gulu la makinawo) likafanana, basi yalowa m'gulu ndipo data yayamba kusamukira m'laputopumo. Madzulo wanyamula, wakwera kombi. Pofika version 2.0 mu 2015 anazimitsa zimenezo, n'kusiya zolemba maadiresi. Cassandra nayo imayang'ana cluster_name, koma dzina si loko. Yatsani TLS, yomwe imabisa mauthenga n'kutsimikizira wotumiza, pakati pa ma node, kuti wopanda certificate asalowe.

Wa ku Highfield:
Komanso replication factor, kapena kuti makope a data, mwaika zingati? Ngati ndi 3 ndipo mukulemba pa QUORUM (makope oposa theka ayenera kuvomereza), pamafunika ma node awiri amoyo. Graniteside ndi Msasa zikazimira limodzi, ngakhale zipezane bwanji pambuyo pake, ku Mbare sagulitsa nthawi yonseyo.

Wofunsa:
Ndi 3, pa QUORUM. Ku Msasa kuli solar, ku Graniteside kuli ka UPS kotha mabatire. Loweruka ndiyesa WireGuard. Funso lotsala: ndiike ma node onse atatu ngati seeds, kapena awiri akwana?

Mayi wa ma server:
Awiri akwana, ndipo mndandandawo ufanane pa makina onse. Mukadzagula node yachinayi musadzailembe pa seeds tsiku loyamba, chifukwa seed sipanga bootstrap, kukopera data kwa anzake polowa, idzalowa yopanda data.