Mwana wanga wa Sitandade 4 kuwerenga kukumukanika, dyslexia amayeza kuti?

MayiWaAnyamata
Abale ndithandizeni nzeru. Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 10, ali Sitandade 4 koma kuwerenga kukumukanika ndithu. Masamu apakamwa amakhoza, kugolosale sangamubere chenji, nthano ukamuuza kamodzi amaibwereza yonse, koma umupatse buku aaa amaloza ndi chala phatikizo limodzilimodzi, pofika kumapeto kwa chiganizo waiwala kale zakoyambirira. Lembetso ndiye osanena, mawu omwewo amawalemba mosiyanasiyana patsamba limodzi. Bambo ake akuti ndi ulesi, aphunzitsi akuti abwereze kalasi, apongozi akuti tipite naye kumapemphero. Mnzanga wina wanditchulira dyslexia, akuti ndi vuto lolephera kuwerenga ndi kulemba bwino ngakhale nzeru zilipo. Kuno ku Malawi amayeza kuti zimenezi, kuchipatala kapena kusukulu? Mtima ukundiwawa chifukwa masiku ano m'mawa uliwonse akumati m'mimba mukupweteka kuti asapite kusukulu.

MphunzitsiWaKuZomba
Mayi pepani kwambiri. Choyamba muwapemphe bambowo asamukalipire kapena kumukwapula, mwana wotere amalimbikira kuposa anzake, kungoti ubongo wake umavutika kulumikiza lembo ndi liwu lake, nzeru zilipo ndithu. Yambani ndi kuchipatala akamuyeze maso ndi makutu, ana ena timawaganizira zambiri pomwe sakungoona pabolodi. Koma dyslexia yeniyeniyo sayeza magazi kapena kujambula mutu ayi, amayeza pomuwerengetsa ndi kumulembetsa.

Mukachoka uko pitani kwa a hedi mukafunse mphunzitsi wa special needs, wa ana ofunika thandizo lapadera pophunzira. Sukulu zambiri alibe, ndiye musabwerere pomwepo, pitani ku TDC (likulu la aphunzitsi la muzoni) mukaonane ndi a PEA (mlangizi wa sukulu zapulaimale), iwowo amadziwa sukulu ya muzoni mwanu kapena yoyandikira yomwe ili ndi resource centre, chipinda chothandizira ana otere. Aphunzitsi amenewa amaphunzira ku Montfort ku Nguludi, Chiradzulu, ndipo si onse a ana osaona ndi osamva, alipo ena omwe anaphunzira za ana ovutika kuphunzira ngati wanuyu. Mutenge makope ake onse ngakhale ong'ambikawo.

China ndinene chilungamo, kalasi ya ana 100 mphunzitsi m'modzi, ana ambiri sawerenga chifukwa choti palibe anakhala nawo pansi basi. Wa dyslexia amaoneka apa: mwamuphunzitsa payekha bwinobwino kwa miyezi koma akuvutikabe. Kubwereza kalasi kaphunzitsidwe kali komweko ine sindikuvomereza, mwana amangokula ndi manyazi.

Achemwali_ku_Leeds
Ine anandiyeza ndili ntchembere kale, kuno ku UK nditayamba kosi ya unamwino. Kumudzi ndinkangodziwika kuti ndine wochedwa kulemba. Chichewa chinkandibisa chifukwa timalemba m'mene timatchulira, ndinkawerenga pang'onopang'ono koma ndimafika, zinthu zinasokonekera ku Sitandade 5 zonse zitalowa m'Chingerezi. Ndiye mayi musadikire, wanuyo chaka chamawa akulowa komweko.

Kuyezako kunatenga pafupifupi maola atatu. Anandiwerengetsa mawu enieni, kenako mawu ongopeka opanda tanthauzo kuti aone ngati ndikudziwa maliwu kapena ndikungoloweza, kundiuza manambala ndiwabwereze chambuyo, kutchula zilembo mwachangu iwo atagwira wotchi, kulemba nkhani nthawi ikuwerengedwa. Nditatuluka ndinalira m'basi, zaka zonsezo ndinkadziyesa mbuli. Kwa amene muli kuno, NHS (zipatala za boma) nthawi zambiri siyeza dyslexia, mwana mumayambira kwa SENCO, mphunzitsi woona za special needs kusukulu, wamkulu funsani kuyunivesite kapena British Dyslexia Association, pulaiveti ndi mapaundi mahandiredi angapo. Lipoti lija linandipatsa 25% ya nthawi yowonjezera pamayeso. Ndipo muziwauza oyezawo kuti Chingerezi si chiyankhulo chanu choyamba, mayeso awo anapangira ana obadwira m'Chingerezi.

Che_Mangochi
Zimayenda m'magazi izi, mufufuze kubanja mwina mupeza amalume kapena agogo ena omwe anasiya sukulu chifukwa chomwechi. Komanso a hedi adziwe msanga, MANEB ili ndi dongosolo la ana a special needs koma zimafunika kunena polembetsa mayeso a Sitandade 8, osati mayeso atafika.

MayiWaAnyamata
Zikomo nonse, ndawawerengera bambo ake zimenezi angoti chete, kenako akuti iwonso lembetso linkawazunza. Lolemba tiyambira kwa a maso. Nanga podikira ndizimuthandiza bwanji kunyumba aphunzitsi?

MphunzitsiWaKuZomba
Mphindi 15 patsiku zakwana, asanatope. Liwu limodzi, alitchule uku akulilemba ndi chala pamchenga, mawa mubwerezenso lomwelo musanawonjezere lina. Madzulo muzimuwerengera inuyo nkhani iye akutsatira ndi maso, manotsi a kusukulu nawonso muzimuwerengera mokweza kuti asatsalire pa maphunziro enawo. Mukabwera kwa a PEA mudzatiuze zomwe anena.