Poyeza utsi wa galimoto amayang'ana chiyani?

Chapa_Ulongwe: Akuluakulu, ndithandizeni. Hiace ya dizilo ikumalavula utsi wakuda pamtunda. Makina a ku inspecção, koyezetsera magalimoto, amayeza chiyani kwenikweni, ndipo ndikonze chiyani ndisanatsikire nayo ku Tete?

Makaniko_Moatize: Achimwene, pa dizilo amayeza kuda kwa utsi. Amalowetsa kapaipi mu ekizozi, utsi umadutsa m'chibokosi momwe muli getsi mbali imodzi ndi kachipangizo kolandira kuwala mbali inayo. Utsi ukachuluka mwaye, kuwala kofika kumachepa, nambala imakwera. Galimoto ili pa fulii, amaponda mafuta mpaka pansi mwachangu kenaka n'kusiya, kangapo.

Utsi wakuda ndiye kuti mafuta achuluka, mpweya wachepa. Yambirani pa fyuluta ya mpweya, chifukwa fumbi la kuno limaitseka msanga. Mukaiyang'anitsa padzuwa kuwala osaoneka, sinthani, kuipopera mpweya sikukwanira. Utsi ukapitirira, chotsani ma injector, timipope topopera dizilo mu injini, akayezedwe. Yakutha imadontha m'malo mopopera mafuta ngati nkhungu, ndiye sapsa onse. Onaninso lamba wa timing ndi oyilo, poti pakuyezako injini imalira mpaka kumapeto ndipo lamba wotha akhoza kuduka pomwepo.

Mai_Autoelec: Ndiwonjezereko za petulo, poti ambiri amasokoneza. Apo makina amawerenga mipweya inayi ya mu utsi: CO (mpweya wapoizoni wa petulo wosapsa mokwanira), HC (petulo wotuluka wosapsa), CO2 (mpweya wa petulo wopsa bwino) ndi O2 (okosijeni). Injini yabwino CO2 imakhala cha m'ma 14 mpaka 15 peresenti, lambda, nambala yosonyeza ngati mpweya ndi petulo zasakanikirana pamlingo woyenera, pakati pa 0.97 ndi 1.03. CO akakwera, petulo akuchuluka, kawirikawiri sensa ya okosijeni yafa kapena catalyst, chipangizo cha mu ekizozi choyeretsa utsi, idachotsedwa. HC akakwera, silinda ina sikuwotcha bwino, onani mapulagi ndi koyilo. O2 akachuluka injini ikulira bwinobwino, fufuzani pobooka pa ekizozi, pamalowa mpweya wakunja n'kunamiza makina.

Bambo_Zobue: Zonse zanenedwazi n'zoona, koma musaiwale kutentha kwa injini. Oyilo afike cha pa madigiri 80. Kuchokera kwanu ku Angónia mufika itatentha, vuto ndi kuizimitsa pamzere ola lathunthu. Nthawi yanu ikayandikira ilizeni, ndipo musanafike muithamangitseko pa giya yotsika kuti mwaye wokhala mu ekizozi utuluke.

Muonetsetsenso mtundu wa utsiwo mnzanu ataima kumbuyo. Ukakhala wobiriwira ngati mtambo, ndi oyilo akupsa, maring'i kapena masili a mavavu atha. Woyera wosalekeza, madzi akuchepa mu radiyeta, ndi gasiketi ya hedi. Pamenepo mankhwala othira mu thanki musataye nawo ndalama, injiniyo itsegulidwe.