Pempho la Nzeru pa Chipilala cha Wotchi Pamsika Pathu

Akuluakulu, ndikupempha nzeru zanu. Ndine mlembi wa komiti ya msika wina kuno ku Thyolo, ndipo mwana wathu wina amene amagwira ntchito ku Johannesburg wadzipereka kumanga chipilala chachitsulo chokhala ndi wotchi yoyendera mphamvu ya dzuwa, pabwalo pomwe amayi amayalapo nthochi ndi mapeyala. Chithunzi chake chitaonetsedwa pamsonkhano, achinyamata anaomba m'manja, koma agogo ena anati chikufanana ndi nsanja ya netiweki, ndipo anafunsa chifukwa chake ndalamazo sizikupita ku zimbudzi za pamsika. Ineyo ndikuchifuna, ngakhale ndikuvomereza kuti ambiri masiku ano amaonera nthawi pafoni.

Chimene chikundiopsa ndi zomwe zinachitika ku Blantyre mu 2018, pamene khoti linaimitsa ntchito yoimika chiboliboli cha Mahatma Gandhi pa Ginnery Corner anthu atadandaula. Kodi tiyambire kwa amfumu kapena ku khonsolo ya boma kuti chilolezo chikhale chokwanira? Nanga wotchiyo ikadzaima, poti chiperoni cha kuno sichichedwa kudyetsa chitsulo dzimbiri, udindo woikonza tiulembe kuti ndi wa yani?