Package ya ku Vilankulo ndi zilumba za Bazaruto pa $850, tigule kapena tisiye?

Nangozo wa ku Chirimba:
Abale ndithandizeni nzeru. Pali ena akutsatsa ulendo wa ku Vilankulo, ku Mozambique, mu Januwale. Mtengo ndi $850 munthu mmodzi: basi yochokera ku Blantyre, kugona masiku 4, chakudya cham'mawa, ndi tsiku limodzi "ku zilumba za Bazaruto". Akufuna theka la ndalama mwezi uno. Ndi zogula izi?

Gomani:
Musapereke kaye chilichonse achemwali. Mawu akuti "zilumba za Bazaruto" ndi amene amatibera nawo anthu amenewa. Zilumbazo zilipo zingapo: Bazaruto yeniyeni, Benguerra, Magaruque, Santa Carolina ndi Bangué. Magaruque ili pafupi, mumaiona muli pagombe ku Vilankulo, ndipo amapitako pa dhow, ngalawa ya matanga ija. Bazaruto ili kutali, imafuna boti la injini yamphamvu ndi mafuta ambiri. Ndiye amakuonetsani chithunzi cha phiri la mchenga la pa Bazaruto, tsiku likafika akukwezani dhow ya ku Magaruque. Ife anatichita zomwezi ndipo palibe khobidi lomwe linabwera. Awuzeni alembe dzina la chilumba papepala, alembenso mtundu wa boti.

Madala a ku Randburg:
$850 ndi ndalama yochepa kwambiri pa malo amene aja. Ochita bwino amakwera ndege ya Airlink pa bwalo la OR Tambo ku Joni, asanamalize nyuzipepala atera ku Vilankulo, kenako helikopita mpaka pa Benguerra. Usiku umodzi pa chilumba umaposa package yanu yonseyo. Zinthu zabwino n'zodula, basi.

Gomani:
Madala, afunsa za basi yochokera ku Blantyre, osati za helikopita.

Dalaivala Mbewe:
Ine nkhawa yanga ili pa "masiku 4". Werengani msewu kaye. Kuchoka ku Blantyre mutulukira pa Mwanza, kulowa pa Zóbuè, kuwoloka Zambezi pa Tete, kutsika kudzera ku Changara ndi Catandica mpaka Chimoio, kenako Inchope. Pa Inchope mukhotera kummwera pa N1, kuwoloka mtsinje wa Save, mpaka pa mphambano ya Pambarra, pomwe pamatsala makilomita pafupifupi 20 kuti mufike kunyanja. Zonse pamodzi zikupitirira makilomita 1,000. Chigawo cha Inchope kukafika ku Save ndicho chimadya nthawi, maenje ake amaswa matayala ndi masipuling'i, ndipo mvula ikagwa maenjewo amabisala m'madzi. Dalaivala wanzeru sayendapo usiku. Ndiye kuti ulendowu ndi wa masiku awiri kupita, awiri kubwerera, kugona ku Chimoio. Funsani kuti masiku 4 aja ndi a ku Vilankulo okhaokha, kapena awerengera ndi a panjira. Ngati awerengera a panjira, mukugula mpando wa m'basi, osati tchuthi.

Mai a Tadala:
Nanga bwanji anthu mukusiya nkhani yaikulu? JANUWALE. Imeneyo ndi nyengo ya anamondwe ku gombe limenelo, kuyambira Januwale mpaka Malichi. Freddy uja asanatipeze kuno mu Malichi 2023, anayamba watera pafupi ndi Vilankulo pa 24 Febuluwale. Ngakhale popanda namondwe, kumatentha koopsa, udzudzu uli mbwee, ndipo mphepo ikakula maboti sanyamuka. Tsiku la pa chilumba ndi limodzi lokha mu package imeneyi. Likaphonyeka chifukwa cha nyengo akubwezerani chiyani? Mtengo watsika chifukwa ndi mwezi womwe ena amauthawa. Nthawi yabwino ndi Meyi mpaka Okutobala, ndipo cha mu Ogasiti ndi Seputembala mumaonanso anamgumi akudutsa.

Achimwene Jere:
Koma anthu inu, nyanja tili nayo pakhomo. Kwerani Ilala pa Nkhata Bay, tsikani pa Chizumulu kapena pa Likoma. Simufuna pasipoti, simufuna dola, mulipira makwacha. Pa Likoma pali tchalitchi chachikulu cha St Peter's, mchenga woyera, milambe, madzi oti mukusambira mukuona mbuna pansi. Ngati Likoma yatalika, pitani ku Cape Maclear, mubwereke boti kupita pa Thumbi. Ndi $850 imeneyo banja lonse likhoza kukhala sabata.

Madala a ku Randburg:
Nyanja ya m'dziko ndi ina, yamchere ndi ina. Ku Cape Maclear mukaonako dugong, chinyama chachikulu cha m'nyanja yamchere chodya udzu wa pansi pa madzi? Mukadyako prawns zongovuulidwa kumene?

Achimwene Jere:
Dugong mwamuona kangati inu madala? Ndi nyama yosowa, ambiri amapita ndi kubwerera osaiona. Chambo cha pamakala chilipo tsiku lililonse.

Mai a Tadala:
Achimwene Jere musaiwale kuwauza za likodzo. Ku Cape Maclear lilipo, makamaka m'madzi osaya momwe muli nkhono ndi udzu. Amene wasambako akaonane ndi achipatala pakapita milungu ingapo, mankhwala ake ndi praziquantel. Komanso Ilala siyendera wotchi yanu, musapange pulogalamu yothina.

Kapitawo:
Ndibwerere ku funso. Tsiku la pa chilumba lili ndi zinthu zinayi zimene muyenera kufunsa musanalipire.

Choyamba, ndalama yolowera m'paki. Zilumbazi ndi malo otetezedwa kuyambira 1971, ndipo kuyambira 2017 boma la Mozambique likuziyang'anira mothandizana ndi bungwe la African Parks, omwewa a ku Majete ndi Liwonde. Munthu aliyense amalipira, ndipo ambiri otsatsa saiika pamtengo. Mumangouzidwa muli kale pagombe, boti likulira.

Chachiwiri, madzi a m'nyanja yamchere amaphwera ndi kudzaza kawiri patsiku. Ku Vilankulo akaphwera amathawa kutali zedi, kumatsala mchenga wokhawokha, maboti atagona chammbali. Nthawi yonyamuka imatsata madzi, osati chakudya cham'mawa. Gulu likachedwa ndi ola limodzi muyenda mtunda m'madzi ofika m'mawondo mutasenza zikwama, kapena boti lizungulira milu ya mchenga n'kudya nthawi yanu ya pa chilumba. Valani nsapato zolowa nazo m'madzi, pansi pali zigoba zocheka.

Chachitatu, Two Mile Reef. Ndi pamene pali nsomba zokongola ndi akamba, kunja kwa mpata wa pakati pa Bazaruto ndi Benguerra. Madzi amakoka mwamphamvu pampatapo. Dhow ya ku Magaruque sifikako. Ngati simudziwa kusambira bwino, musavule life jacket, ndipo werengani majaketiwo boti lisananyamuke, afanane ndi chiwerengero cha anthu, a ana akhalepo a saizi yawo.

Chachinayi, mthunzi ndi madzi akumwa. Pa chilumba palibe golosale. Malita awiri munthu aliyense, chipewa, ndipo phiri la mchenga lija kwerani m'mawa, masana limawotcha mapazi.

Gomani:
Ndipo ulendo wa tsiku limodzi wa ku Bazaruto pa boti la injini sutsika $100. Ndiye muone ngati ungakwane mu $850 limodzi ndi basi ndi malo ogona.

Dalaivala Mbewe:
Ayi bwana, mwakweza. Mukapita nokha pagombe n'kukambirana muli gulu, mulipira meticais, ndalama za ku Mozambique, osakwana pamenepo. Amene amalipira madola ndi amene abukitsa kudzera pa hotela.

Gomani:
Amene mukunenawo ndi aja opanda majaketi.

Nachisale ku Leeds:
Ngati cholinga ndi nyanja yamchere, bwanji Ilha de Moçambique? Mutulukira pa Chiponde, kulowa Mandimba, Cuamba, Nampula, kenako kunyanja. Chilumbacho chili ndi mlatho wautali makilomita opitirira 3, galimoto imalowa, ndiye simudalira boti kapena nyengo kuti mufikepo. Pali linga la São Sebastião ndi katchalitchi ka m'chaka cha 1522, ndipo UNESCO inachiika pa mndandanda wake mu 1991. Kungoti magombe osambira abwino ali kunja kwa tauni, mufunabe dhow.

Achimwene Jere:
Kumenekonso mufuna ndalama yakunja. Madola mukawapeza kuti panopa? Kubanki mudikira, kunja mtengo wake mukuudziwa. $850 ya papepala si $850 ya m'thumba la Mmalawi.

Dalaivala Mbewe:
Mukasankha kupita pa yanu galimoto: blue book, chilolezo cha apolisi chotulutsira galimoto, pepala lolowetsera galimoto kwakanthawi pa Zóbuè, inshuwalansi ya ku Mozambique yogula pachipata pomwepo, ma triangle awiri ndi jekete yonyezimira. Apolisi a pamsewu amafunsa zimenezi. M'matauni tsitsani liwiro kufika 60. Anthu anayi mukagawana mafuta zitsika kuposa package.

Madala a ku Randburg:
Tayala limodzi likaphulika ku Muxúnguè, pakati pa Inchope ndi Save, kutsika mtengoko kwathera pomwepo.

Nangozo wa ku Chirimba:
Ndawaimbira. Akuti masiku 4 akuwerengera usiku umodzi wa ku Chimoio, ndipo chilumba "chidzadziwika malinga ndi nyengo". Za ndalama ya m'paki akuti andiyankha mawa.

Gomani:
Ndi Magaruque imeneyo.

Mai a Tadala:
Afunseni ngati ali ndi ulendo wa mu Ogasiti, ndipo mtengo wake ndi wotani.

Kapitawo:
Magaruque si yoipa, ana amasambira bwino kumeneko. Koma pa mtengo umenewo ayi. Atsitse, kapena alembe Bazaruto ndi Two Mile Reef papepala.